Zimene a Thomson Anajambula Pafumbi

Pikapu ya Diana inali yoyera pamene ankaigula, koma misewu ya kwa Chigaru inaipaka mtundu wake. Ankanyamulira nandolo ndi chimanga kuchokera m'midzi kupita ku Lirangwe, tomato kupita ku Chileka, ndipo mvula ikayandikira ankatutira anthu feteleza. Mayi woyendetsa pikapu kuderako anali yekha, moti galimotoyo ankaisamala ngati dzira. Kaphokoso kakang'ono kakamveka, iye ankaima pambali n'kutchera khutu.

Vuto linayamba Lolemba lina mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Akuchokera ku Chileka, atangoponda buleki pa hampu, pa dashibodi panayaka kagetsi kachikasu kojambulidwa ngati babu. Diana anadziwa tanthauzo lake, kankanena kuti penapake babu lapsa. Anaima, anayatsa magetsi onse n'kuzungulira galimoto. Akutsogolo ankayaka, akumbuyo ankayaka, maindiketa ankaphethira bwinobwino. Anapempha mayi wina wogulitsa nzimbe kuti amuyang'anire kumbuyo iye akuponda buleki.

"Akuyakatu onse, achemwali," anatero mayiyo.

Tsiku lomwelo anapita nayo kwa Useni, makaniko wa zamagetsi wa pa Lirangwe, bambo wa ana anayi amene anthu ankamukhulupirira. Useni anasintha mababu awiri akumbuyo ndipo kagetsi kanazima. Diana asanatuluke n'komwe pamsika, ataponda buleki kupewa mbuzi, kanayakanso. Lachitatu Useni anasintha fyuzi n'kupukuta masoketi. Lachinayi anasintha mababu omwe aja kachiwiri, n'kukanda m'mutu.

"Asisi, magalimoto a masiku anowa amanama," anatero. "Magetsi onse akuyaka, inuyo mukuona. Bwanji tingomata tepi pa kagetsiko kuti kasamakuvuteni m'maso?"

"Kumata tepi ndiye kukonza kumeneko, a Useni?"

Diana sakanalola. Dzulo lake dalaivala wa thiraki anali atamuimbira hutala pamsewu waukulu, ndipo pomudutsa anakuwa kuti magetsi ake akumbuyo akusewera. Munthu sangayende ndi matumba makumi awiri, mathiraki ali m'khosi, asakudziwa ngati akumbuyo akuona kuti waponda buleki. Useni anachita manyazi, ndipo analonjeza kuti Loweruka abwera kunyumba kuti akaione modekha, popanda anthu omudikira.

Kunyumbako Diana ankakhala ndi makolo ake. Bambo ake, a Thomson, anagwira ntchito zaka makumi atatu ku bwalo la ndege la Chileka, kusamalira magetsi aja amene amandanda m'mbali mwa msewu wotera ndege. Diana ali mwana ankangodziwa kuti bambo ake amapita ndi njinga m'mawa atavala ovolosi, n'kubwera madzulo akununkha girisi. Za ntchitoyo sankakamba. Atapuma anabwerera kumunda, ndipo kumundako ndi kumene sitiroko inawapeza zaka ziwiri zapitazo, khasu lili m'manja. Mbali yakumanja inafa, pakamwa panapotoka, ndipo mawu onse anathawa kupatula amodzi okha: zikomo. Akafuna madzi ankati zikomo. Akamva kuwawa ankati zikomo. Ngakhale atakwiya mpaka mitsempha ya pakhosi kuonekera, chotuluka chinali zikomo.

Poyamba onse ankayesetsa kuwayankhula. Koma kuyankhula munthu amene sakuyankha kumatopetsa, ndipo pang'onopang'ono pakhomopo anazolowera kuwakamba m'malo mowayankhula. "Adya awa?" "Awatulutse padzuwa." "Asambe kaye." M'mawa ankawakhazika pampando pakhonde, ndodo ili pambali, madzulo n'kuwalowetsa. Diana ankawakonda, ankawameta ndevu yekha Lamlungu lililonse, koma mumtima anali atawalira kale.

Loweruka Useni anafika pa njinga yamoto cha m'ma naini, thumba la zida lili kumsana. Mayi a Diana anali atapita ku msonkhano wa amayi kutchalitchi. Pikapu anaiimika pabwalo, pafupi ndi khonde, ndipo Useni anamasula magalasi onse akumbuyo n'kuyamba kuyeza ndi tesita yake.

"Moto ukufikatu apa. Apanso ukufika. Pondani buleki, asisi. Onani, ukufika. Ndiye chikuvuta n'chiyani?"

Anayeza ola lathunthu, thukuta likutsikira m'maso. Ali mkati moganiza zoti mwina galimotoyo ipite m'tauni kwa anthu a makompyuta, pakhonde panamveka ndodo ikumenya simenti. Go! Go! Go!

"Zikomo! Zikomo!"

Diana anatsika m'galimoto n'kuthamangira m'nyumba kukatenga madzi. Atawapatsa kapu, a Thomson anaikankha ndi dzanja lamanzere, madzi n'kutayikira pa chitenje chake.

"Ababa, mwatani? Mukufuna kuchimbudzi?"

Anapukusa mutu mwamphamvu. Anakweza ndodo n'kuloza pikapu, kenako anaiyendetsa pang'onopang'ono m'malere mpaka inaloza nyumba yosungiramo matumba, imene inali ndi khomo lalikulu ndi makoma opaka laimu. Analoza pikapu, analoza nyumbayo, katatu konse.

"Phokoso likuwasowetsa mtendere," Diana anauza Useni. "Akufuna tiichotse pano."

"Ayi, asisi, dikirani." Useni anali akuwayang'anitsitsa. "Madala, mukuti tiilowetse mkatimo?"

A Thomson anagwedeza mutu.

"Chakutsogolo?"

Anapukusa mutu, n'kukokera dzanja chakumbuyo.

"Chakumbuyo. Tiyeni tiyese, palibe chimene titaye."

Diana anachita izi mongowasangalatsa. Analowetsa pikapu chafutambuyo mpaka inatsala pang'ono kukhudza khoma. Koma ndodo sinaleke kugogoda mpaka awiriwo anawanyamula ndi mpando womwe n'kukawakhazika mkatimo, pambali pa tayala lakumbuyo. Kenako analoza chitseko kuti achitseke mbali imodzi. M'nyumbamo munachita kamdima kozizirira, konunkha nandolo wouma, kunja dzuwa likuwala mwaukali.

A Thomson anayang'ana mwana wawo, n'kupotokola zala ngati akuyatsa magetsi. Diana anakwera n'kuyatsa. Pakhoma loyera panagwa mabala awiri ofiira. Kenako bambowo anakweza phazi lamanzere n'kuponda pansi. Diana anaponda buleki.

"Aa!" anakuwa Useni. "Asisi, pondaninso! Siyani. Pondani!"

Diana ankaona khomalo pagalasi. Akaponda, bala lakumanja linkawala kwambiri monga mmene liyenera kuchitira. Koma lakumanzere, m'malo mowala, linkafooka, ndipo m'munsi mwake munkatuluka kuwala kwina kwachikasu kochepa zedi, ngati khala limene latsala paphulusa. Panja padzuwa palibe akanaziona. Babu la indiketa, limene palibe analiyatsa, linali kuyaka palokha.

A Thomson sanawapatse nthawi yodabwa. Anasalaza fumbi la pansi ndi phazi, anagwira ndodo chapakati ndi dzanja lamanzere, dzanja limene moyo wawo wonse silinagwirepo pensulo, n'kuyamba kulemba. Diana anatsika, akuganiza kuti mwina akuyesa zilembo, pakuti m'chipatala anawayesa kulemba dzina lawo ndipo zinakanika. Koma sizinali zilembo. Anajambula timizere tiwiri, kakatali ndi kakafupi. Kuchokera pamenepo anakoka mzere wautali, wonjenjemera koma wodziwa kumene ukupita. Mzerewo unagawika patatu, ndipo pa nthambi iliyonse anajambula kabwalo kokhala ndi mtanda mkati. Nthambi zitatuzo anazikumanizanso pamodzi kumunsi, n'kumalizira ndi timizere titatu tosanjikizana, kakakulu pamwamba, kakang'ono pansi.

Useni anali atagwada kale. Anavula kapusi yake osadziwa kuti wavula.

"N'chiyani chimenechi?" anafunsa Diana.

"Ndi galimoto yanuyi, asisi," anayankha motsitsa mawu. "Apa ndi batire. Awa ndi mababu atatu akumanzere: la usiku, la buleki, la indiketa. Zimenezi ndinaziona pabolodi chaka chimodzi chokha chimene ndinakhala kusukulu ya zamanja. Aphunzitsi athu ankachita kukopera m'buku. Awa akuchotsa m'mutu."

Ndodo inabwerera pa batire. Inayenda motsatira mzere, kudutsa babu la buleki, kutsikira kumunsi mpaka pa timizere titatu tija, n'kuima. A Thomson anayang'ana Useni m'maso kuti aone ngati akutsatira. Kenako anafufuta kamzere kolumikiza mababu ndi timizere titatuto, n'kusiya mpata. Ndodo inayambiranso ulendo: batire, babu la buleki, kumunsi. Itafika pampata paja inagogoda kawiri ngati munthu wopeza mlatho utakokoloka, kenako inakhota n'kukwera chobwerera kudzera mu babu la indiketa.

Useni anaomba m'manja kamodzi, n'kugwira pakamwa.

"Efi! Mayo ine, ndi efi!"

"Tandiuzeni m'Chichewa, a Useni."

"Moto ukalowa mu babu uyenera kutuluka, asisi, ubwerere ku batire. Umabwerera kudzera m'chitsulo cha galimoto, pa waya wina amene timamanga pa bawuti. Ameneyo ndiye efi. Ine masiku onsewa ndakhala ndikuyeza ngati moto ukufika, osafunsa ngati ukubwerera. Njira yake yatsekeka, ndiye ukuzemba kudzera m'mababu anzake. N'chifukwa chake onse akuoneka ngati akuyaka, koma galimoto ikudziwa kuti china chake chalakwika. Kagetsi kaja sikamanama ayi."

Anadzuka kuti ayambe kusaka wayayo kuseri kwa galasi, koma ndodo inamutchinga pa bondo. A Thomson analoza pansi pa bodi ya pikapu, chapakati, pafupi ndi pamene bodi imakumana ndi kabini. Kenako anatembenuka movutikira n'kugogoda mulu wa matumba opanda kanthu amene anali pakona. Anali matumba a feteleza a chaka chatha.

Useni analowa pansi chagada, foni ili kukamwa kuti imuunikire. Kunamveka kukwekwesa, kenako kunangoti zii.

"Asisi, bwerani mudzaone nokha. Mukapanda kuona mudzati ndikunama."

Diana anayala thumba n'kusuzumira. Pamalo enieni amene ndodo inaloza panali bawuti itakutidwa ndi zinthu zoyera zosakanikirana ndi dzimbiri, zofufuma ngati chuku. Pamwamba pake, pa bodi, panali kabowo kotulukira madzi. Feteleza yense amene ankatayikira m'galimoto, mvula ikagwa ankasungunuka n'kudontha pa bawutiyo, dontho limodzilimodzi, dzinja lonse. Useni atangokhudza waya, unathothoka n'kutsalira m'manja mwake. Unali utagwira ndi tiulusi tiwiri tokha.

Diana anadzuka pang'onopang'ono. Anatsamira bodi ya galimoto. Bambo ake sanalowepo pansi pa pikapuyo. Pamene ankaigula n'kuti atadwala kale. Zonse anazidziwa ali pampando pakhonde, pongoona zimene galimoto imanyamula, kumene madzi amadonthera akamaitsuka, ndi kumva zimene iye ndi Useni ankadandaula. Sabata yonse iye ankafika madzulo n'kumakamba za kagetsiko ndi mayi ake pakhonde pomwepo, ndipo munthu amene ankamuyesa kuti akungoyang'ana nkhuku anali akusanja nkhaniyo m'mutu, waya ndi waya.

Anamva tsitsi likuima, ngati munthu amene wakhala akuponda pamalo poyesa kuti ndi pouma, kenako n'kumva kuti pansi pake pali chitsime chakuya. Ngati bambo ake anamva za kagetsi, ndiye kuti anamva zonse. Anamva tsiku lija Diana ankayankhula pa foni ndi mlongo wake wa ku Joni, ataima pafupi ndi mpando wawo, n'kunena kuti: "Usavutike kubwera, ababa anapita kale, changotsala ndi thupi." Anakumbukira kuti tsiku limenelo bambo ake anati zikomo, ndipo iye anawapatsa madzi.

Ntchito inali isanathe. Useni anadula waya pabwino, anamanga kachitsulo katsopano kunsonga, n'kuyamba kupala bawuti yakale ija ndi sandipepa. Ndodo inamenya tayala. A Thomson anapukusa mutu, n'kuloza pamwamba, kuseri kwa chitsulo china kumene madzi sangafike.

"Zoona, madala, ikanadyekanso chaka chamawa," anatero Useni ali pansi pomwepo, akuseka yekha. Atamanga pamalo patsopanopo anatulutsa mutu. "Ndatseka. Tiyese?"

A Thomson anatikita chala chachikulu ndi chamkombaphala.

"Girisi! Pepani, bwana." Anabwereranso pansi n'kupaka.

Diana anakwera n'kuliza injini. Kagetsi kachikasu kanayaka limodzi ndi tinzake monga mwa nthawi zonse, kenako tonse tinazima. Anayatsa magetsi n'kuponda buleki. Pakhoma mabala awiri anawala mofanana, ofiira ngati magazi. Anaponda kakhumi. Anayatsa indiketa akuponda buleki. Dashibodi inakhala yakuda bii.

Atatsika anapeza Useni akujambula chithunzi cha pafumbi chija ndi foni, mbali iyi ndi iyo, akuyenda chonyang'ama kuti asachiponde.

"Madala, zaka zonsezi ndimadutsa pano n'kumangokweza dzanja," anatero. "Pali minibasi ina yandisowetsa tulo miyezi iwiri, imapsereza fyuzi ikangogunda bampu. Ndingabwere nayo Lachiwiri?"

A Thomson anamuyang'ana kanthawi, mbali yamoyo ya nkhope yawo ikugwedera. Anagwedeza mutu.

Useni atapita, Diana anagwada patsogolo pa mpando. 

"Ababa, mumamva zonse?"

Anagwedeza mutu.

"Zonse zimene timayankhula pakhondepo? Ndi zija ndinanena pa foni?"

Anagwedezanso, osathawitsa maso.

"Ndikhululukireni, ababa."

Dzanja lamanzere linasiya ndodo n'kutsikira pamutu pake. Linali lolemera, lofunda, lafumbi. Linakhala pamenepo mpaka iye atamaliza kulira. Kutali chakum'mwera ndege inali kutsika, ndipo onse awiri anaimvetsera mpaka phokoso lake linatha.

Masana omwewo Diana anapita pa okala n'kugula kope la masamu ndi mapensulo awiri onenepa. Anawabwezera bambo ake pakhonde, anaika thabwa pamiyendo pawo, kope pamwamba.

"Chilichonse chimene mukufuna, ababa, jambulani. Tikalephera kumva mujambulenso. Sitikuthamangira kulikonse."

Mayi ake anafika cha m'ma folo, atavala yunifolomu yawo yoyera, Baibulo lili m'chikwama. Diana anawakokera ku nyumba ya matumba kukawaonetsa za pafumbi, akufotokoza mothamanga, mawu akupunthwana. Mayiwo anayang'ana mizereyo nthawi yaitali. Sanaimvetse, koma anaizindikira.

"Ankajambula zotere pa mapepala a shuga tili ku Chileka," anatero. "Ine ndinkayatsira moto."

Atabwerera pakhonde anapeza a Thomson atadzaza tsamba loyamba. Diana ankayembekeza mawaya ena, mwina a wailesi yawo imene inafa kalekale. Koma pa pepalapo panali nsapato, yojambulidwa chammbali, yong'ambidwa pakati kuti mkati muoneke. M'kati mwake munali phazi. Kuchokera ku chidendene cha nsapato, kamzere kosongoka kanakwera n'kulowa m'phazimo.

Mayi a Diana anayang'ana chithunzicho, anayang'ana mapazi a amuna awo. Nsapato zakudazo ndi iwo amene ankawaveka m'mawa uliwonse, chifukwa sankafuna kuti anthu odutsa aone mwamuna wawo ali wopanda nsapato ngati wosowa womusamala. Anagwada ndi yunifolomu yoyera yomweyo n'kumasula yakumanzere. Analowetsa dzanja, ndipo analitulutsa msanga, akuyamwa chala. Msomali wa chidendene unali utaboola n'kutulukira mkati. Atavula sokosi anapeza pachidendene pali chikanga cholimba, pakati pake kabala kakuda.

"Kuyambira liti, bambo a Diana?"

A Thomson anatenga pensulo n'kujambula mtambo ukugwetsa mvula, pambali pake phesi la chimanga lofika m'bondo.

"Januwale," anatero Diana chapansipansi.

Mayiwo anadzuka, anakatenga beseni la madzi ofunda ndi mchere, n'kuviika phazilo. Kenako anakhala pansi pa sitepe, nsapato ili pakati pa mawondo, n'kuyamba kukhoma msomali ndi mwala wonolera mipeni. Ankakhoma mwaukali, misozi ikugwera pa chikopa, kwinaku akuwakalipira amuna awo monga ankachitira kale, kuti munthu wamkulu ngati iwo akanatha kuivula n'kuiponya kutchire, ndipo mawa lomwe apita limodzi kumsika akasankhe okha zina zofewa.